Mukapita kukazulitsa dzino ku Joni, pemphani akuoneni m'kamwa monse

Ambiri a ife kuno ku Joni timakumbukira dokotala wa mano dzino likatichezetsa usiku. Tapirira sabata yathunthu, tamwa Panado, tatafunira mbali imodzi, tsaya latupa, ndiye Lolemba m'mawa tikupempha abwana kuti atilole tikazulitse. Tikakhala pampando paja mtima wonse uli pa dzinolo: alichotse, atipatse mapiritsi, tithamangire takisi. Ine ntchito yanga ndi yothandizira dokotala wa mano mumzinda uno, kumupatsira zipangizo ndi kugwira kapaipi koyamwa malovu, ndipo anthu akwathu ndimawazindikira akangolowa, ndi moni wawo waulemu uja. Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amadzuka pampando osadziwa kuti pali chinthu china chimene akanapempha, cha mphindi zosapitirira zisanu, chopanda jakisoni, chopanda makina: kuti dokotala awaunike m'kamwa monse ndi kuwapapasa m'khosi ngati muli zizindikiro za khansa.

Khansa ya m'kamwa si nthenda yachilendo. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 377,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya pamlomo ndi m'kamwa, ndipo pafupifupi 177,000 anamwalira nayo. Imfa zambirizi zimabwera chifukwa chochedwa. Khansa ya m'mapapo kapena ya m'chiwindi imabisala mkati, imafuna makina kuti ioneke. Iyi ili poyera, diso limaiona, chala chimaikhudza. Kuchenjera kwake n'kumodzi: ikamayamba nthawi zambiri sipweteka, ndipo ife chinthu chosapweteka sititayira tsiku la ganyu.

Yambani kunyumba, ndi galasi

Musanapite kulikonse, dziyang'aneni nokha. Sambani m'manja ndi sopo. Ngati mumavala mano oikirira, achotseni. M'zipinda zathu zambiri, kaya ku Hillbrow, ku Berea, kapena kakachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, babu limakhala lofooka, choncho tulukani nalo galasi panja masana, kapena wina akuunikireni ndi tochi ya foni.

Kokerani mlomo wam'munsi pansi, muone mkati mwake ndi nkhama. Chimodzimodzi wam'mwamba. Ndi chala, tambasulani tsaya lakumanja kenako lakumanzere, mpaka muone kumbuyo komwe mano amathera. Mukatero bwerani pa lilime, ndipo apa musafulumire. Litulutseni lonse, mulipendekere kumanja, muone m'mbali mwake mpaka chakumbuyo, mulipendekerenso kumanzere. Kenako likwezeni likhudze kumwamba kwa m'kamwa kuti muone kunsi kwake ndi pansi pomwe limagona. M'mbali mwa lilime ndi pansi pake ndi malo amene khansa imakonda kuyambira, komanso ndi malo amene munthu akhoza kukhala zaka makumi anayi osawaonapo. Malizani ndi kuweramitsira mutu kumbuyo kuti muone kumwamba kwa m'kamwa, ndipo ndi nsonga za zala papasani kunsi kwa nsagwada ndi m'mbali mwa khosi.

Mukufufuza chiyani? Choyamba ndi chilonda chosapola. Tizilonda ta m'kamwa tija tonse timatidziwa, toyera pakati, towawa tikamadya zamchere. Timeneto timapola tokha pasanathe masabata awiri. Chilonda chimene chadutsa masabata awiri kapena atatu chikadali pomwepo, makamaka ngati m'mphepete mwake ndi molimba ndi motukuka, chimenecho chikaonedwe ndi dokotala, kaya chikupweteka kaya ayi. Chachiwiri ndi chigamba choyera chimene sichichoka mukachipukuta ndi kansalu. Zoyera zina za m'kamwa, zonga mkaka wogona, zimapukutika n'kusiya pofiira. Imeneyo kawirikawiri ndi nthenda ina yochizika ndi mankhwala. Koma choyera chomatirira, chokhala ngati chinamera pomwepo, n'chofunika kuchiyang'anira. Zigamba zoyera zambiri si khansa, koma zina zimadzasanduka khansa pakapita nthawi. Chigamba chofiira psuu, chosalala, chimaoneka chofatsa kuposa choyera, koma madokotala amachiopa kwambiri, chifukwa nthawi zambiri chikayezedwa chimapezeka kuti chayamba kale kusintha.

Palinso zina zomwe sizioneka pagalasi koma mwini thupi amazimva. Dzanzi pa lilime kapena pamlomo losadziwika chiyambi. Dzino logwedera lokha pomwe anzake ali nji. Mano oikirira amene ankakwana bwino n'kuyamba kuthina. Kumeza movutikira, kapena kumva ngati chinthu chatsakamira kummero. Mawu osasa kwa masabata ambiri popanda chimfine. Khutu lopweteka mbali imodzi pomwe khutulo alipima n'kupeza kuti lilibe vuto. Ndipo mwanabere wa m'khosi. Mwanabere wa chimfine kapena wa dzino lovunda amapweteka ndipo amaphwa matendawo akatha. Wolimba, wosapweteka, wosaphwa, wokulirakulira, ameneyo musagone naye.

Mukapeza kanthu, kajambuleni ndi foni tsiku lomwelo, pakatha sabata mujambulenso. Dokotala akadzafunsa kuti zinayamba liti, ambiri timangoti "kalekale pang'ono". Chithunzi chokhala ndi deti chimayankha bwino kuposa ife.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: musathirepo kanthu. Ndaona anthu atapaka ufa wa Grand-Pa pachilonda kapena pankhama. Mu ufa umenewu muli asipirini, ndi woti mumwe, osati kupaka. Ukakhalitsa pamnofu wa m'kamwa umawotcha n'kusiya bala loyera limene limasokoneza wopima. Ena amapaka jivi, m'kamwa monse n'kukhala bii, dokotala osathanso kuona mtundu weniweni wa chilondacho. Za mankhwala azitsamba ndi mapemphero sindinyoza, ndinakulira momwemo. Pempherani, koma masabata awiri aja akakwana, pitani mukaonedwe.

Kopita ndi zotenga

Si kiliniki iliyonse ya boma imene ili ndi dokotala wa mano. Zipatala zokulirapo za m'madera, monga Hillbrow Community Health Centre, ndi zimene zimakhala ndi mbali ya mano. Kwanuko funsani anamwino akuuzeni yapafupi. Ku Parktown, pa chipatala cha Charlotte Maxeke, pali Wits Oral Health Centre, komwe ophunzira za mano a yunivesite ya Wits amathandiza anthu moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, ndipo kumeneko kuli akatswiri a matenda a m'kamwa ndi a maopaleshoni a nsagwada ndi nkhope. A ku Soweto muli ndi Chris Hani Baragwanath. Zipatala zikuluzikuluzi nthawi zambiri zimafuna kalata yochokera ku kiliniki kapena kwa dokotala amene wakuonani koyamba, choncho yambirani pansi, musalumphe. Ngati mwasankha dokotala wolipira, onetsetsani kuti ndi wolembedwa ku HPCSA, bungwe limene limavomereza ogwira ntchito zachipatala m'dziko muno. Madokotala enieni sakwiya mukafunsa.

Tengani pasipoti kapena chiphaso chilichonse chimene muli nacho, umboni wa komwe mukukhala, khadi la kuchipatala ngati lilipo, ndi mankhwala onse amene mukumwa, m'mabotolo mwake momwemo. Lawirirani, mizere ya boma imayamba kusanache.

Ndikudziwa kuti abale ambiri amaopa zipata za chipatala chifukwa cha nkhani za mapepala ndi mawu amene alendo timalandira. Mantha amenewo si opeka. Koma malamulo aakulu a dziko la South Africa, pa gawo 27, amanena kuti aliyense ali ndi ufulu wopeza thandizo la zaumoyo. Akakubwezani pamalo ena, musabwerere kukagona ndi chilondacho. Yesani kiliniki ina, pitani ndi mnzanu wodziwa Chizulu kapena Chingerezi, kapena sonkhanitsani ndalama ya ulendo umodzi kwa dokotala wolipira kuti akupimeni n'kukulemberani kalata.

Pampando: nenani zoona zonse

Dokotala asanagwire chilichonse amafunsa mafunso, ndipo apa ndi pomwe ife timadzilakwira tokha. Akafunsa za fodya, bambo amene amatha paketi pa tsiku amati "mwa apo ndi apo". Mayi wa kumpingo amene ali ndi kachitini ka fodya wobwira wa Taxi kapena Ntsu m'chikwama amati sagwira n'komwe, poganiza kuti fodya ndi wosuta yekha. Dokotala sakufunsa kuti akuweruzeni, ndipo zimene mwanena sizikafika kwa abwana kapena kwa abusa. Akufuna adziwe poti ayang'anitsitse.

Fodya ndiye woyamba pa zoyambitsa khansa ya m'kamwa, ndipo ndi fodya wa mtundu uliwonse: ndudu za m'sitolo, chingambwe chimene tinachisiya kumudzi, kaliwo, hubbly, kaliwo wokhala ndi botolo la madzi, amene achinyamata athu atengera kuno poganiza kuti madzi aja amasefa utsi, ndi fodya wobwira amene amaikidwa pakati pa mlomo ndi nkhama. Ngati mumabwira, sonyezani dokotala malo enieni amene mumaika, chifukwa mnofu umayamba kusintha pomwepo. Mowa ndi wachiwiri. Pawokha umavulaza, koma ukakumana ndi fodya ngozi imachuluka kwambiri kuposa kungophatikiza ziwirizo, chifukwa mowa umathandiza poizoni wa mu fodya kulowerera mumnofu wa m'kamwa. Kachasu wa kwathu, mowa wa m'botolo wa ku tavern, zonse ndi chimodzi pankhani iyi. Abale amene amagwira ntchito m'mashopu a ku Fordsburg ndi ku Mayfair, ena aphunzira kutafuna paan ndi supari, zotafuna za amwenye, kwa anzawo a kuntchito. Mtedza umene uli mmenemo IARC inauika m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, ngakhale utafunidwe wopanda fodya.

Ngati muli ndi HIV, nenani, ndipo nenaninso ngati mukumwa ma ARV mokhulupirika kapena munalekeza. Pali khansa yotchedwa Kaposi imene imakonda kutuluka kumwamba kwa m'kamwa ndi pankhama ngati zigamba zofiirira zoderako, mwa anthu amene chitetezo chawo chatsika, ndipo nthawi zina dokotala wa mano ndi amene amayamba kuiona. Palinso kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana, kuphatikizapo kugonana kwa m'kamwa. Kameneka kamayambitsa khansa ya kumbuyo kwa lilime ndi kummero ngakhale mwa munthu amene sanasutepo, ndipo chizindikiro chake choyamba kawirikawiri ndi mwanabere wosapweteka uja. Choncho musamati "ine sindisuta, sizindikhudza". Ogwira ntchito padzuwa tsiku lonse, m'magadeni ndi pa zomangamanga, dzuwa limawononga mlomo wam'munsi, makamaka kwa a khungu loyererapo ndi abale athu achialubino. Chipewa cha khonde lalikulu ndi mafuta oteteza kudzuwa opaka pamlomo n'zothandiza.

Mukamaliza kuyankha, pemphani. Safunsa anadya phula. Nenani kuti mukufuna oral cancer screening, ndiwo mawu amene dokotala aliyense kuno awamva. Madokotala ambiri amachita okha osapemphedwa, koma pamzere wautali, munthu wabwera ndi dzino lopweteka, n'zosavuta kuti diso lithere pa dzinolo.

Zimene muyenera kuona zikuchitika

Kuti mudziwe ngati mwapimidwadi, nazi zimene zimachitika. Dokotala amayamba kunja. Amayang'ana nkhope ndi milomo, kenako amakupapasani kunsi kwa chibwano, m'mbali mwa nsagwada, kutsika m'khosi mbali zonse ziwiri. Musadabwe kuti munthu wa mano akufuna chiyani m'khosi. Akufufuza anabere, chifukwa khansa ya m'kamwa ikayamba kuyenda imayambira kumeneko.

Kenako amalowa mkati ndi nyali ndi kagalasi kake. Amatembenuza milomo, amatambasula masaya, amayendera nkhama. Akafika pa lilime amaligwira ndi kansalu ka thonje n'kulikokera kunja, uku ndi uku. Sizikoma, ena amamva ngati asanza, koma ndi masekondi ochepa, pumirani m'mphuno. Amaika chala chimodzi pansi pa lilime, china kunja kunsi kwa chibwano, n'kufinya pang'ono kuti amve ngati pali cholimba pakati. Amayang'ana kumwamba kwa m'kamwa, n'kukuuzani munene "aaa" kuti aone kummero. Ngati sanagwire lilime lanu ndipo sanakhudze khosi, kupima sikunathe, ndipo muli ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti amalize. Dziwaninso kuti X-ray ya mano imaonetsa mano ndi mafupa. Kujambulidwa sikutanthauza kuti lilime ndi masaya zaonedwa.

Bambo wina wa kwathu, wosamalira gadeni, anabwera tsiku lina kudzazulitsa dzino la kumbuyo. Dokotala atakoka lilime anapeza kachilonda m'mbali, kosaposa njere ya chimanga. Bamboyo anati, "Aka n'kakale adokotala, ndi dzino lakuthwali limandicheka." Zinali zomveka, dzino lothyoka limachekadi lilime. Dokotala anachotsa dzinolo n'kunena kuti abwerenso pakatha masabata awiri. Ndinawaperekeza mpaka pakhomo. Ndinati, "Bambo, chonde mubwere, ngakhale mutamva kuti mwachira." Anati, "Mwanawe, abwana andilola kawiri?" Koma anabwera. Dzino lochekalo kunalibe, koma chilonda chinali pomwepo, cholimba m'mphepete. Anapatsidwa kalata, anakayezedwa, inapezeka kuti ndi khansa yongoyamba kumene. Anawachotsa kachigawo kakang'ono ka lilime, ndipo lero amalankhula ndi kudya nsima ngati kale. Ndimawakumbukira kawirikawiri, chifukwa chimene chinawapulumutsa ndi ulendo wachiwiri uja, umene anthu ambiri sabwera.

Akapeza kanthu

Pali njira ziwiri. Ngati pali chooneka chimene chingakhale chikuyambitsa chilondacho, monga dzino lakuthwa kapena mano oikirira okhula, dokotala amachikonza n'kukupatsani masabata awiri. Lembani tsikulo mufoni musanatuluke. Ngati chilondacho chikukayikitsa kale, kapena mwabwerera chisanapole, amakulemberani kalata yopita kwa akatswiri. Kalatayo ijambuleni ndi foni, mapepala amasowa m'matakisi. Funsani kuti mupite khomo liti, tsiku liti, ndipo ngati akuona kuti n'zachangu alembe choncho. Mukapatsidwa maantibayotiki kawiri katatu pa chilonda chimodzimodzi osasintha, pemphani kalata. Khansa simva maantibayotiki.

Kumeneko adzachita biopsy. Mawuwa amaopsa kuposa ntchito yake. Amabaya jakisoni wa dzanzi, yemwe uja wozulira dzino, amadula kanyama kakang'ono, amasoka kamodzi kapena kawiri, mumapita kunyumba tsiku lomwelo. Kanyamako kamapita ku labotale, komwe katswiri amakaunika ndi makina okulitsa zinthu. Palibe njira ina yotsimikizira. Diso la dokotala, ngakhale waluso chotani, limangokayikira. Mphekesera yakuti chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni chimalusa yaphetsa anthu ambiri. Chimene chimakulitsa khansa ndi miyezi yodikira. Ndipo ambiri amene amayezedwa chonchi amapezeka kuti alibe khansa.

Apa ndinene za basi ya kumudzi. Mmalawi akangomva mawu akuti khansa, maganizo amathamangira ku Park Station, kokwerera mabasi: ndikadwalire kwathu, pafupi ndi abale. Ndikumvetsa, palibe amene amafuna kuvutikira kuchilendo. Koma musakwere basi zotsatira zisanatuluke. Mukachoka pakati, kwathu mukayambiranso pamzere woyamba, ndipo masabata amene mwataya sabwerera. Dikirani zotsatira, mumve zimene madokotala akonza. Khansa yopezeka ikadali yaing'ono nthawi zambiri imatha ndi opaleshoni, ndipo ambiri amachira. Yokula imafuna opaleshoni yaikulu, kuwotcha ndi makina a radiation, nthawi zina ndi chemo, mankhwala amphamvu opha khansa, ndipo makina amenewa ku Charlotte Maxeke alipo. Ngati mwaganiza zopita kwathu ndithu, tengani zotsatira za biopsy zolembedwa, zithunzi zonse ndi kalata ya dokotala. Bungwe la CANSA limathandiza odwala khansa ndi mabanja awo ndi uphungu, afunseni. Ndipo akakuuzani kuti muonane ndi dokotala wa mano musanayambe radiation, musanyozere: mano ovunda amafunika kuchotsedwa kusanayambe kuwotcha, chifukwa pambuyo pake fupa la nsagwada limavuta kupola.

Akapanda kupeza kanthu, thokozani, koma bwereraninso kamodzi pa chaka ngakhale dzino lisakupwetekeni, ndipo ngati mumasuta kapena kumwa, galasi lija muzilitenga mwezi uliwonse. Amene anasiya fodya ngozi yawo imatsika chaka ndi chaka, choncho sikunachedwe. Uzani anamwino kuti mukufuna kusiya, akuthandizeni. Amayi ndi abambo achikulire amene mano anatha, nawonso apite, khansa siyang'ana ngati m'kamwa muli mano. Ana anu aakazi akabwera ndi fomu ya katemera wa HPV kuchokera kusukulu, sainani. Katemerayu wakhala akuperekedwa m'sukulu za boma kuno kuyambira 2014, ndipo ngakhale cholinga chake chachikulu ndi khansa ya khomo la chiberekero, kachilombo kake ndi komweko.

Tsiku lokamva zotsatira musapite nokha. Pemphani kalata ya chipatala yokaonetsa kuntchito, ndipo tengani mbale kapena mnzanu wa kumpingo wodziwa Chingerezi, akhale ndi cholembera. Munthu akamva nkhani yolemera makutu amatsekeka, zonse zimene dokotala wanena pambuyo pake zimadutsa. Mnzanuyo alembe dzina la nthendayo monga lalembedwera papepala, zimene zichitike kenako, tsiku lobwereranso ndi khomo lake, ndipo awerengere dokotala zimene walembazo musanadzuke pampando.